Kuika ma comma pa ndalama munthu akutaipa mu TextBox ya WinForms

Ngati mukupanga pulogalamu ya ma invoice kapena ya mushopu, kabokosi ka ndalama kamafunika kaziika kokha ma comma munthu akutaipa, chifukwa 1500000 ndi 15000000 diso silisiyanitsa msanga, makamaka ndi kwacha yathuyi maziro ake ochuluka chonchi. Ndikamba za chilankhulo cha C# ndi WinForms, zida zopangira mapulogalamu a Windows momwe kabokosi kolembamo kamatchedwa TextBox, koma nzeru yake ndi yomweyo ku Java Swing kapena Qt.

Ntchito yonse muyike mu TextChanged (event yomwe imaitanidwa zolembedwa mkabokosi zikasintha) osati KeyPress (ya munthu akadina batani la keyboard), poti KeyPress siona munthu akapanga paste ndi mausi. Mu TextChanged yomweyo chotsani chilichonse chomwe si nambala mungosiya kadontho kamodzi basi, mugawe pa kadonthopo, za kumanzere zidutse mu decimal.TryParse kuti zisanduke nambala kenako ToString("N0") ikuikirani ma comma, za matambala muzidule pa manambala 2 nkuzibwezera momwe wazilembera mwiniwake. Musathamangire "N2" (yoika manambala 2 a matambala) apa ayi, munthu wangodina 5 akufuna 500 inu mwamupatsa kale 5.00, mwamusokoneza. Ma .00 adikire event ya Leave akamatuluka mkabokosimo. Ndipo akafufuta zonse kasiyeni kopanda kanthu, osamukakamiza 0.

Kusintha Text (zolembedwa mkabokosi) muli mkati mwa TextChanged kumaitananso TextChanged yomweyo, ndiye ikani ka bool (ka true kapena false) kotchinga kuti isazungulire.

Tsono pomwe pamavuta kwambiri ndi pa cursor. Mukangosintha Text cursor imathawira kumayambiriro, ndiye ambiri amangolemba SelectionStart = Text.Length (kukankhira cursor kumapeto) nkumati zatheka, koma sizinatheke. Tiyerekeze cashier walemba 1,250,000 pomwe amafuna 1,350,000, wapita pakati wafufuta 2, cursor yadumphira kumapeto iye maso ali pa kasitomala, kudina 3 zatuluka 1,500,003 ndipo risiti yapita choncho. Izi ine zimandikhudza chifukwa amene amakalipiridwa madzulo powerengera ndalama ndi cashier uja pomwe vuto ndi la pulogalamu. Mankhwala ake ndi awa, musanasinthe Text werengani manambala omwe ali kumanzere kwa cursor, kadontho kawerengedwenso koma ma comma ayi, mukatha kukonza yendani kuchokera kumanzere mpaka chiwerengero chija chikwane nkuika SelectionStart pamenepo. Pa chitsanzo chija kumanzere kunali nambala imodzi, ndiye pa 150,000 cursor ikhala 1 atangotha, kudina 3 zibwera 1,350,000 bwinobwino.

Kadontho ndi comma musazilembe ndi manja mu code, zitengeni ku CultureInfo.CurrentCulture.NumberFormat, chifukwa kompyuta ya setting ya ku Germany imalemba 1.250.000,50 ndiye code yanu ikhoza kuwerenga mosemphana. MK muyike pa Label pambali, asalowe mkabokosi. Ndalamazo muzisunga ngati decimal osati double, pa double 0.1 + 0.2 sikwana 0.3 ndendende ndipo matambala amayamba kusiyana mukaphatikiza ma invoice ambiri.