Momwe mungapezere chilolezo choimika tenti m'mapaki ndi malo otetezedwa a ku Joni

Chaka chatha bungwe lathu la anthu akwathu linandituma kuti ndipeze malo ochitira chisangalalo cha 6 July. Maholo anali odula, ndiye amayi ena anati tikachitire panja, paudzu, ngati kumudzi. Ndinavomera msanga poganiza kuti n'kungolipira malo basi. Zomwe ndinaona ndi izi, kuti amene mudzatumidwe chaka chino mudzadziwiretu.

Choyamba: dziwani mwini malo

Mapaki ambiri ndi malo otetezera zachilengedwe mu Johannesburg ali m'manja mwa Johannesburg City Parks and Zoo, kampani ya khonsolo yomwe inapangidwa mu 2013 ataphatikiza oyang'anira mapaki ndi oyang'anira zoo. Koma si malo onse obiriwira omwe ndi awo. Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, mwachitsanzo, ndi ya bungwe la boma la SANBI, ndiye kalata yanu ikapita kukhonsolo yasochera.

Musiyanitsenso paki ndi malo otetezedwa. Ku Zoo Lake, Delta Park kapena ku Emmarentia anthu amasonkhana kawirikawiri. Koma Klipriviersberg kumwera kwa mzinda, Kloofendal ndi Melville Koppies anazipatula chifukwa cha udzu, mbalame, nyama ndi zinthu zakale. Ku Melville Koppies kuli ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo yomwe inafukulidwa mu 1963. Kumalo otere sangakuloleni kuimika chinthu paliponse pomwe mwakonda, koma pomwe iwo anakonzeratu kuti pazifika anthu.

Ngati maganizo anu ndi omanga chinthu chokhalitsa, monga katchalitchi ka malata kapena kagolosale, aiwaleni. Nyumba iliyonse imafuna pulani yovomerezeka motsatira lamulo la zomangamanga la 1977, ndipo pamalo a khonsolo pulaniyo siingayende inu musanapatsidwe malowo mwalamulo. Mipingo yomwe imapemphera kumadzulo kwa Melville Koppies yakhalako zaka zambiri, koma imasonkhana m'mabwalo ozunguliridwa ndi miyala, opanda denga.

Chachiwiri: fomu ndi mapu

Pitani kapena lembani ku ofesi yosungitsa malo. Nenani tsiku, nthawi, chiwerengero cha anthu ndi chilichonse chomwe mudzaimike: tenti, nsanja, jenereta, zokuzira mawu, zimbudzi zonyamula, mbaula. Musabise kanthu pofuna kuti mtengo utsike, chifukwa chomwe sichili papepala sichilowa pageti. Jambulani mapu a malowo, ngakhale ndi bolopeni, osonyeza pokhala tenti ndi potulukira anthu. Wosayina akhale munthu woti pasipoti ndi pemiti yake zili bwino. Mukundimva. Yambani kukadali miyezi iwiri.

Chachitatu: tenti yeniyeniyo

Apa ndi pomwe ndinagwa nayo, ndiye mundilole ndikhalepo.

Tenti yaikulu pamaso pa lamulo si nsalu wamba, ndi nyumba yongoyembekezera. Ikaimikidwa, injiniya amayenera kuiona n'kusayina satifiketi yotsimikiza kuti tenti imeneyo, pamalo amenewo, yaima bwino ndipo siigwera anthu. Ine sindinkadziwa. Ndinkaganiza kuti satifiketi ili ngati laisensi ya galimoto, yomwe mwini tenti amangoyenda nayo m'thumba.

Mwini tenti ndinamupeza pa Facebook, mtengo wake theka la enawo. Nditamufunsa za mapepala anati, "Bwana, zonse ndili nazo, musadandaule." Anatumiza chithunzi pa WhatsApp, chosaoneka bwino, chidindo chokha n'chomwe chinkawala. Ndinalipira dipoziti tsiku lomwelo, mtima uli m'malo.

Lachisanu masana, mawa lake mwambo, anabwera ndi anyamata awiri n'kuyamba kukhoma zikhomo zachitsulo zotalika ngati mkono. Woyang'anira malo anathamangira pomwepo. Chilolezo changa chinali ndi mzere woletsa kukhoma chilichonse pansi, kuopa kuboola mapaipi a madzi ndi kuvulaza mizu ya mitengo, ndipo ine mzere umenewo sindinauwerenge. Tenti inayenera kumangiriridwa ku zipilala za simenti kapena migolo yodzaza madzi. Mwini tenti analibe ngakhale mgolo umodzi.

Kenaka woyang'anira malo uja anapempha satifiketi ija. Ataiyang'ana anangondiitanira pambali. "Abambo, taonani apa." Inali ya tenti ina yaing'ono, ya mwambo wina, kumalo ena, chaka china. Sanakalipe, anangoti izi sizingaime pano. Tinazula zonse dzuwa likulowa, kuzizira kwa July kwayamba kuluma zala. Apampando athu atafika anangoti, "Achimwene, zotchipa zija ndi zimenezi?" Usiku womwewo tinapeza kampani ina yomwe inavomera kubwera m'mamawa ndi zipilala zake komanso injiniya wake, pamtengo woposa womwe ndinkauthawa poyamba. Mkulu wa dipoziti uja foni yake inazima mpaka lero.

Ndiye musanapereke ngakhale randi imodzi, funsani zinthu zitatu. Kodi injiniya adzabwera pamalo tenti ikaima, ndipo ndalama yake ili mumtengo womwewu? Kodi ali ndi zipilala kapena migolo? Kodi nsaluyo ili ndi pepala losonyeza kuti siigwira moto msanga? Akayamba kuzungulira poyankha, dulani foni. Amene amati "ndimadziwana ndi anthu a pageti" ndiye muwathawe kumene.

Njira yachidule ilipo: ngati muli anthu ochepa, funsani ku ofesi ngati magazebo ang'onoang'ono opinda aja angakwanire. Sachulutsa mapepala ngati tenti yaikulu. Ena amangobwereka malo okhala ndi denga kale, n'kusiyiratu za tenti.

Chachinayi: komiti ya JOC

Anthu akakhala ambiri adzakutumizani ku JOC, komiti ya mzinda yomwe mumakhala apolisi a mzinda (JMPD), apolisi a dziko lonse (SAPS), ozimitsa moto ndi azaumoyo. Zimenezi zimachokera ku lamulo la 2010 la chitetezo pamasewera ndi zisangalalo, ndipo apolisi ndi omwe amayesa ngati chiopsezo cha mwambo wanu n'chochepa, chapakati kapena chachikulu. Tengani mapu aja, inshuwalansi yoteteza anthu obwera, ndi dongosolo la achitetezo ndi achithandizo choyamba. Inshuwalansi ya tsiku limodzi ilipo, musalole kukugulitsani ya chaka chonse.

Zotsalazo

Zozimitsira moto zikhale pooneka. Kanyenya muotchere pomwe akulozerani, poti m'nyengo yozizira udzu wa kuno umakhala wouma gwa, ndipo kamphepo kokha kakwanira. Mowa wogulitsa umafuna laisensi yakeyake. Galimoto zisalowe paudzu. Sindikizani chilolezo kawiri, china chikhale ndi munthu wina. Jambulani malowo musanayambe komanso mutatola zinyalala, chifukwa dipoziti ya malo imabwerera potengera mmene mwawasiyira. Ife yathu inabwera patapita masabata angapo.