Momwe mungakonzekeretsere wophunzira mpikisano wosambira wa 200 IM muli ku Mzuzu

Mnyamata wa ku Mzuni amene anakulira ku Nkhata Bay, ku Usisya kapena ku Chilumba amabwera ali wodziwa kale madzi. Mpweya ali nawo, mantha alibe. Chimene sachidziwa ndi khoma, poti nyanja ilibe khoma, pomwe mpikisano wa individual medley, umene osambira amangoti IM, ambiri amagwera pakhoma pomwepo. Ndalembera makamaka inu amene mwapatsidwa ntchito yophunzitsa anyamata otere.

Mu IM munthu mmodzi amasambira mitundu inayi motsatizana, ndipo ndondomeko yake sisintha: butterfly (mikono yonse iwiri kuponyera kutsogolo nthawi imodzi), backstroke (chagada), breaststroke (ngati chule), kenako freestyle (kawirikawiri chafufumimba, mikono mosinthana). Musasokoneze ndi medley yopatsirana ya anthu anayi, imene imayamba ndi backstroke. Pa masewero a ophunzira a m'mayunivesite a dziko lonse lapansi, FISU World University Games, kumene mnyamata wanu angalinge, omwe anayamba mu 1959 ku Turin akutchedwa Universiade, amuna amapikisana pa 200 IM ndi 400 IM m'dziwe la mamita 50. A mu 2023 anachitikira ku Chengdu, a mu 2025 ku Germany, a mu 2027 ndi a ku Chungcheong m'dziko la South Korea. Olowa ndi ophunzira a zaka 18 mpaka 25. Yambani ndi 200 IM, pomwe mtundu uliwonse ndi mamita 50 okha. Ya 400 idikire kaye. Kuti mudziwe komwe akatswiri a dziko lapansi afika, Léon Marchand wa ku France, amene anaphunzira ku Arizona State University, anasambira 200 IM pa 1:52.69 ku Singapore mu 2025. Mnyamata wanu asagwe nazo mphwayi zimenezo. Ntchito yake yoyamba ndi kumaliza mpikisano oweruza asanamulembe cholakwa.

Choyamba pezani dziwe. Kuno timadalira maiwe a m'mahotelo ndi m'malo ogona alendo, omwe ndi aafupi komanso madzi ake satenthetsedwa. Musamalipire pakhomo tsiku ndi tsiku ngati mlendo, ndalama zingakuthereni mwezi usanathe. Kaonaneni ndi mkulu wa pamalopo, mugwirizane mtengo wa pamwezi wa gulu lonse pa maola amene alendo sasambira. Mu June ndi July, chifunga chikamatsika, kusambira m'mawa n'kuzunza ana. Sankhani masana dzuwa likatentha, ndipo aliyense abwere ndi juzi ndi tiyi wa mufulasiki. Tengani tepi ya amisiri muyeze kutalika kwa dziwelo nokha, chifukwa zimene amakuuzani ogwira ntchito pamalopo nthawi zambiri n'zongoyerekeza.

Kunyanja pitaniko kumapeto kwa sabata kukalimbitsa mpweya basi. Pakhale munthu wa bwato woyenda pambali, funsani asodzi za malo a ng'ona, ndipo mwera ukamaomba musalowe. Osambira m'nyanja kawirikawiri azikayezetsa likodzo kuchipatala.

Pa zovala, chofunika ndi kabudula wothina wosambirira, chipewa ndi magalasi a m'madzi. Chenjerani ndi magalasi okhala ndi dzina la kampani yotchuka koma mtengo wake wotsika modabwitsa. Wogulitsa wina mtauni muno anatipatsa otere, akulumbira kuti ndi enieni, koma malamba ake anayamba kuduka ndipo madzi ankalowa m'mbali. Musanalipire, akanikizeni kumaso osavala lamba. Abwino amakakamira okha kwa masekondi angapo. Makabudula a pakaunjika alipo otchipa, koma kokani nsaluyo muone ngati ikubwerera, popeza klorini amapha mphira.

Tsopano chinthu chimene ndikufuna muchimvetse bwino. M'dziwe la mpikisano mumakhala chingwe cha timbendera chopingasa pamwamba pa madzi, mamita 5 kuchokera kukhoma. Wosambira chagada saona kumene akupita, ndiye timbenderato ndito timamuuza kuti khoma layandikira. M'maiwe a m'mahotelo mulibe zimenezi. Pangani zanu: chingwe cha nayiloni, tizidutswa ta majumbo amitundu yowala, ndi nsungwi ziwiri. Muyeze mamita 5 enieni, osati ongoponya mapazi.

Chifukwa chake ndi ichi. Pa mpikisano wa backstroke yokha, wosambira akafika pakhoma amaloledwa kutembenuka chafufumimba n'kupidiguka. Koma mu IM malamulo a World Aquatics, bungwe loyendetsa masewero osambira pa dziko lonse lomwe mpaka 2022 linkatchedwa FINA, amati gawo lililonse limalizidwe monga momwe mpikisano wa mtundu umenewo umathera. Backstroke imatha munthu akakhudza khoma akadali chagada. Choncho pochoka pa backstroke kulowa breaststroke, dzanja likhudze kaye khoma msana uli pansi, kutembenuka kubwere pambuyo.

Apa ndi pamene tinagwera. Mnyamata wathu wina, amene anali patsogolo bwinobwino pa mpikisano wina kumwera, anafika pansi pa timbendera osadziwa kuti kwatsala mikono ingati. Poopa kugunda mutu anapotoloka kuti aone khoma, phewa n'kupitirira. Anamaliza akusekerera, koma pa pepala la zotsatira pa dzina lake panalembedwa DQ, ndiye kuti nthawi yake yafufutidwa. Anabwera akunjenjemera ndi kuzizira n'kundifunsa kuti, "Akochi, ndalakwa chiyani? Khoma ndaligwira ndithu." Analigwiradi, koma chifuwa chinali chitayang'ana kale pansi. Miyezi yonse yokonzekera ndi ndalama za basi zinapita pa kachinthu kosakwana sekondi.

Kukonza kwake n'kotopetsa koma n'kosavuta. Wosambira awerenge mikono kuchokera pamene timbendera tadutsa pamwamba pa nkhope yake mpaka dzanja kukhudza khoma. Ayambe pang'onopang'ono, inu mutaika dzanja kapena thabwa losambirira pakhomapo kuti asavulale mutu. Akaipeza nambala yake, aiyesenso akusambira mothamanga, chifukwa pa liwiro la mpikisano nambalayo imasintha. Aiyesenso atatopa, atangomaliza butterfly, osati ali ndi mphamvu zonse. Mkono womaliza autambasule kumbuyo kwa mutu, maso ali kumwamba, miyendo ikumenyabe madzi. Akakhudza, apinde mawondo kubweretsa kuchifuwa, mapazi apite pakhoma, atembenukire m'mbali, ndipo pochoka akhale chafufumimba mikono yonse itatambasuka kutsogolo.

Anyamata akaonera makanema pa YouTube amafuna crossover, katembenukidwe kamene akatswiri amakhudza khoma atapendekera mbali imodzi dzanja litadutsa pamwamba pa mutu. N'kachangu ndithu, komanso ndi kamene kamachotsetsa anthu, chifukwa phewa likangopitirira pang'ono nkhani yatha. Ine sindilola munthu kukayesa asanazolowere njira yapafupi ija mpaka kuichita osaganiza. Imani m'mbali mwa dziwe molunjika ndi khoma, jambulani ndi foni, muonere limodzi mochedwetsa kanemayo. Mnyamata amene akukana kuti sanatembenuke amavomera akadziona yekha.

Makoma enawo ndi osavuta kwenikweni. Pomaliza butterfly ndi breaststroke manja onse awiri akhudze khoma nthawi imodzi, osasanjikiza lina pamwamba pa linzake. Pochoka pakhoma kuyamba backstroke akhale chagada. Pa butterfly, backstroke ndi freestyle mutu utuluke pofika mamita 15, ndiye ikani chizindikiro m'mbali mwa dziwe ngati ndi lotalika choncho. Poyamba breaststroke amaloledwa kumenya miyendo kamodzi kokha ngati butterfly. Pa gawo lomaliza asasambire mtundu uliwonse mwa itatu yadutsayo, ndipo asamenye miyendo ali chagada pansi pa madzi.

Pa kagawidwe ka mphamvu, anyamata a kunyanja amakonda kuthera zonse pa butterfly kuti awomberedwe m'manja. Aletseni. Mipata yaikulu imatseguka pa breaststroke, ndiye masiku ambiri a sabata apite kumeneko, makamaka miyendo. Dziwe lalifupi limanamiza nthawi chifukwa munthu amakankha khoma pafupipafupi, choncho mpikisano usanafike pitani ku Lilongwe kukayesa dziwe la mamita 50 lomwe linamangidwa pokonzekera masewero a achinyamata a maiko a kumwera kwa Africa (Region 5) a mu 2022. Ambiri amadabwa kutalika kwake.

Zotsalazo ndi za mapepala. Nthawi ya pa wotchi yanu ya foni siwerengedwa, ndiye mnyamata wanu mumulembetse kuti azipikisana pa mipikisano ya Malawi Aquatic Union, bungwe loyendetsa masewero osambira m'dziko muno. Dzina lopita ku FISU limadzera ku bungwe la masewero a ophunzira m'dziko muno, ndiye yambirani ku ofesi ya zamasewero pasukulu panu, mutenge kalata yotsimikiza kuti ndi wophunzira. Pasipoti ayiyambe msanga. Mankhwala aliwonse, ngakhale a chimfine, awaonetse kwa dokotala kuti awayerekeze ndi mndandanda wa zoletsedwa wa WADA, bungwe loletsa mankhwala owonjezera mphamvu m'masewero, chifukwa ena amakhala ndi pseudoephedrine, amene ali pa mndandandawo. Magalasi agule awiri, ena azikhala m'chikwama.