Kusankha DVD recorder yojambulira za pa dikoda

Mwafunsa za makina a DVD ojambulira mosavuta mapulogalamu a pa dikoda. Yambani mwasuzumira kumbuyo kwa dikodayo. Mukaona timabowo titatu, kachikasu, koyera ndi kofiira, ndiye kuti zitheka, bola rekodayo ikhalenso ndi timabowo totere tolembedwa AV IN. HDMI (polumikizira pena pa chithunzi ndi mawu) musaidalire: pa makina ambiri imangotulutsa chithunzi kupita ku TV, siilandira.

Kenako funani rekoda yokhala ndi hard disk (chosungira zojambulidwa) mkati. Apa ndiye ndimalimbikira kwambiri. Chimbale cha 4.7 GB chimadzadza pa maola awiri mukajambula pa SP (mlingo wamba wojambulira), choncho mpira ukalowa nthawi yoonjezera, mapenate mudzawaphonya. Pa hard disk mumajambula kaye, n'kudula zotsatsa malonda, kenako n'kusamutsira pa chimbale.

Ambiri mwa makinawa masiku ano ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Onani kuti ndi a PAL (mtundu wa chithunzi cha TV womwe timagwiritsa ntchito kuno) ndiponso a magetsi a 220-240V. Ochokera ku America amakhala a 120V. Wogulitsa ayese kujambula muli pomwepo musanalipire, ndipo musachoke opanda rimoti.

Mukatchera nthawi yojambula, siyani dikoda yoyaka pa tchanelo chomwecho. Mukamaliza dinani Finalize kuti chimbale chiziwerengeka pa DVD ina.