Mmene mungayikire hood ya kukhitchini kuti utsi uzitulukadi panja

Mwezi wathawu ndinapita kukaona nyumba ya msuweni wanga ku Area 49, nyumba yatsopano ndithu, khitchini yake ya makabati onyezimira, sitovu ya gasi, pamwamba pake hood, kachipangizo ka fani kokoka utsi wa pa sitovu, yasiliva yooneka yodula. Alamu anayamba kukazinga usipa, anayatsa hood ija, inalira bwinobwino ngati ikugwira ntchito, koma patangopita kanthawi fungo la usipa linali mpaka kuchipinda kwa ana. Nditatuluka panja kuyang'ana khoma lonse la khitchini sindinaone pomwe mpweya ukutulukira. Tinakwera pa makwerero kusuzumira mu siling'i, ndiye tinapeza kapaipi kakafupi kangothera momwemo, kakulavulira utsi, nthunzi ndi mafuta pa matabwa a denga. Mmisiri anangoboola siling'i bodi basi nkulandira ndalama zake.

Vuto limeneli lili mnyumba zambiri, nde tiyeni tione mmene ntchitoyi imayenera kuyendera.

Choyamba dziwani hood yomwe mwagula

Ma hood alipo a mitundu iwiri ngakhale kunja amaoneka ofanana. Ina imakoka mpweya nkuutulutsa panja kudzera mu paipi. Ina imangoukoka, kuudutsitsa mu fyuluta ya makala nkuubwezanso mkhitchini momwemo. Yachiwiriyi imachepetsako fungo ndi mafuta koma nthunzi ya mpoto wa nyemba ndi mpweya wa gasi woyaka zimatsala mnyumba. Ma hood ambiri a mmashopu amatha kugwira njira zonse ziwiri, zimangotengera mmene mwalumikizira, choncho musanachoke mshopu tsegulani katoni muone kabuku kake komanso kukula kwa kamwa lotulutsira mpweya pamwamba kapena kumbuyo.

Ku England malamulo omangira nyumba, gawo lomwe amalitcha Approved Document F, amati hood yotulutsa panja izikoka malita 30 a mpweya pa sekondi ikakhala pamwamba pa sitovu, ndipo fani yomwe ili pena mkhitchini izikoka malita 60 pa sekondi. Hood yongobweza mpweya payokha siwerengedwa kuti yakwanitsa lamuloli. Ku America buku lomwe madera ambiri amatsata, International Residential Code, limati 100 cfm (muyezo wawo wa mpweya pa mphindi), omwe ndi pafupifupi malita 47 pa sekondi. Pa katoni nthawi zambiri amalemba m³/h, kutanthauza ma cubic mita a mpweya pa ola, nde kuti musasokonezeke, malita 30 pa sekondi ndi 108 m³/h. Pafupifupi hood iliyonse imaposa pamenepa ikakhala pa shelefu, mphamvu zimadzathera mu paipi yoyikidwa molakwika.

Mulifupi mwa hood musachepere sitovu. Sitovu ya masentimita 60 hood ya 60 kapena 90, osati sitovu ya mbale zisanu nkuyika kahood kakang'ono chifukwa kanali kotchipa.

Kenako sankhani njira ya paipi musanaboole chilichonse

Apa mpomwe pagona nkhani yonse. Buku la ku America lija pa gawo M1503 limanena mosapita mmbali kuti paipi izitulukira panja penipeni, isathere mu siling'i, mkati mwa denga kapena pansi pa nyumba. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Nthunzi ikamafika pansi pa malata usiku kukazizira imasanduka madontho, matabwa amanyowa tsiku ndi tsiku mpaka kuyamba kuola, siling'i bodi imachita madontho achikasu aja timangoti denga likudontha chonsecho mvula sinagwe. Mafuta nawo amaunjikana pa matabwa pafupi ndi mawaya a magetsi, tsiku lomwe poto wa mafuta adzayake pa sitovu fani idzaukokera moto uja mmwamba momwe muli nkhuni zouma zopakidwa kale mafuta. Zinazo ndi mphemvu ndi makoswe, amenewo mwawaitana nokha.

Njira yabwino ndi yaifupi komanso yowongoka. Ngati sitovu ili pa khoma lakunja mwachita mwayi, paipi ingokwera pang'ono nkukhota kamodzi kutulukira panja. Kukhota kulikonse kumadya mphamvu ya fani, ma elbow, timapaipi tokhota tija, atatu kapena anayi hood imangolira koma osakoka. Ine ndimakonda kutulutsira pa khoma kusiyana ndi pa denga, chifukwa kuboola malata kumafuna munthu wodziwa kutseka bwino mphepete, apo bii Januwale akafika madzi azitsika ndi paipi mpaka mu ndiwo. Ngati mukadali pa pulani, uzani wojambula asunthire sitovu ku khoma lakunja pulaniyo isanapite ku khonsolo, kusuntha pa pepala ndi ulele.

Potulukira paipi pakhale patali ndi windo kapena chitseko. Lamulo la ku America limati osachepera mafiti 3, omwe ndi mamilimita 914, kuchoka pa windo lotseguka komanso pa malire a puloti, ndipo mafiti 10 kuchoka pomwe makina amakokera mpweya wolowa mnyumba. Ngakhale kwanu kulibe wodzayeza, tsatirani ndithu, palibe nzeru kutulutsa utsi pa khoma kuti ulowerenso pa windo la kuchipinda, kapena kuwuzira fungo la bonya pa zovala za aneba zomwe zili pa chingwe.

Paipi ya hood ikhale yakeyake. Musailumikize ku chumuni cha moto wa pabalaza kapena ku fani ya kubafa.

Paipi yake yotani

Gulani yachitsulo yosalala mkati. Buku la ku America limatchula galvanized, stainless kapena kopa. Ku UK anthu ambiri amagwiritsa ntchito mapaipi a pulasitiki aphwatalala opangidwira ntchito imeneyi, koma ine pa sitovu ya gasi ndingasankhe chitsulo basi. Chomwe ndikukukanizani ndi kapaipi kofewa kamakwinya kaja kamabwera mkatoni nthawi zina, makwinya aja amagwira mafuta, amachedwetsa mpweya, ndipo kakalendewera pakati pamadikha madzi.

Kukula kwake kufanane ndi kamwa la hood. Ambiri ndi mamilimita 150, ena 125. Amisiri ena amakonda kuchepetsa mpaka 100 chifukwa ndi paipi yomwe ali nayo kapena akuopa kuboola chibowo chachikulu, musalole, fani imayamba phokoso ngati chigayo ndipo imakoka pang'ono. Ngati mtauni mwanu simukupezeka paipi yotere, amisiri a malata aja amapanga ndowa ndi magatala amatha kukupindirani, ingowapatsani muyezo ndipo muwauze kuti msoko ukhale wothina.

Kuyeza ndi kuboola

Yezani kuchoka pamwamba pa sitovu, pomwe pamakhala poto, kufika pansi pa hood. Pa sitovu ya gasi musatsike pansi pa masentimita 65, ambiri amayika pa 75, ndipo kabuku ka hood kapena ka sitovu kakanena muyezo wokulirapo tsatirani umenewo. Mukaitsitsa kwambiri moto umawaula fyuluta yodzaza mafuta komanso mudzagunda mutu povundula nsima, mukaikweza kwambiri utsi umathawira mmbali usanafike.

Jambulani mzere wa pakati pa sitovu kukwera khoma, hood ikhale pakatikati. Musanaboole fufuzani pomwe padutsa mawaya ndi mapaipi a madzi, makamaka waya wa cooker switch yemwe nthawi zambiri amakhala pafupi pomwepo, ndipo zimitsani magetsi pa meni switchi. Musaboole pa lintala kapena ring beam, pamenepo pali zitsulo zomwe zanyamula nyumba. Chibowo chikhale chokulirapo pang'ono kuposa paipi. Core drill, makina obooleramo zibowo zikuluzikulu pa khoma, imaboola bwino mozungulira, ngati palibe boolani timabowo tambiri mozungulira ndi drill wamba kenako gogodani ndi chizulo pang'onopang'ono, osati kumenya ndi hamala yaikulu mpaka pulasitala yense kugwa.

Kachinthu kena komwe ambiri amaiwala, paipi yodutsa pa khoma ipendekere pang'ono kunja, kuti madzi a nthunzi kapena a mvula azitsikira panja osati kubwerera mu mota.

Kulumikiza

Mangani hood pa khoma ndi masikuluwu ndi mapulagi oyenera njerwa, ndi yolemera ndipo imanjenjemera ikamagwira ntchito. Lumikizani mapaipi nkumata polumikizira paliponse ndi tepi ya aluminiyamu, tepi yansalu ija kapena selotepi imamatuka ikatenthedwa. Ngati paipi ikudutsa mu siling'i popita panja imangirireni ku matabwa isalendewere, ndipo kukulunga ndi zotchinga kuzizira kumathandiza kuti nthunzi isasanduke madzi mnjira.

Payenera kukhala damper, katsekero kaja kamatseguka fani ikayaka nkutsekeka ikazima. Popanda iko mphepo ya Juni, fumbi la Okutobala ndi abuluzi zonse zizilowera pomwepo. Ma hood ena amabwera nako pa kamwa, onetsetsani kuti sikuluwu yomwe mwamanga siikukatchinga kutseguka. Panja ikani chivundikiro choteteza mvula nkumata mphepete ndi silikoni. Sefa ya timabowo ting'onoting'ono ngati ya udzudzu musaike, imatsekeka ndi mafuta mwezi usanathe.

Za magetsi itanani munthu wa laisensi, kuno ku Malawi ma laisensi a amisiri a magetsi amapereka ndi MERA. Hood ndi yachitsulo ndipo mumaigwira ndi manja onyowa, waya wa earth ulumikizidwe.

Mpweya wotuluka umafuna wolowa

Fani ikamatulutsa mpweya, wina uyenera kulowa mmalo mwake. Ku America hood ikaposa 400 cfm, pafupifupi 680 m³/h, lamulo limafuna njira yapadera yolowetsera mpweya mnyumba zomwe muli zipangizo zoyaka moto zodalira chumuni, chifukwa hood yamphamvu mnyumba yotsekeka imatha kukoka utsi wa giza ya gasi kapena wa pa chumuni kuubwezera mkati. Abale omwe muli ku UK mnyumba za boiler yakale yodalira chumuni, hood ikayikidwa mmisiri wa gasi wovomerezeka, wolembetsedwa ku Gas Safe, adzayeze ngati utsi sukubwerera. Kwathu kuno nyumba zambiri zili ndi mavent pamwamba pa mawindo, zimathandiza, bola musawatseke ndi simenti pofuna kukongoletsa khitchini.

Magetsi akazima hood imazimanso koma sitovu ya gasi imayakabe, nde tsegulani windo. Ndipo musanamizike kuti poti muli ndi hood mutha kulowetsa mbaula mkhitchini nkutseka zitseko, mpweya wa makala uja wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha anthu ali mtulo.

Kuyesa ndi kusamala

Mukamaliza yatsani fani, tengani kapepala ka tishu muike pa fyuluta, kakakakamira ndiye kuti ikukoka. Tumani mwana panja akaone ngati chivundikiro chikutseguka ndipo aike dzanja amve mphepo. Kenako wiritsani madzi mu poto, wina akwere mu siling'i ndi tochi aone ngati pali polumikizira pomwe pakutuluka nthunzi. Mmisiri mumulipire yotsala zimenezi zikatheka, osati asanayese.

Mafyuluta achitsulo aja muziwachotsa kamodzi pa mwezi, kapena pafupipafupi ngati kwanu nkokazinga tchipisi ndi mandasi, anyikeni mmadzi otentha a sopo wotsukira mbale, tsukani ndi kaburashi, aume kaye musanabwezeretse. Ngati muli pa lendi ndipo alandilodi akana zoboola khoma, gwiritsani ntchito njira yobweza mpweya ija, muzisintha fyuluta ya makala pakatha miyezi yomwe kabuku kanena, ndipo windo likhale lotsegula nthawi yonse yomwe poto ali pamoto.