Kabisidwe ka nambala yanu potuma foni muli ku Mzuzu

Malangizo awa ndi a inu amene muli ndi SIM kadi ya ku Zambia, kaya ya Airtel, MTN kapena Zamtel, ndipo mwaoloka malile kulowa m'Malawi. Mukapyola Lusuntha n'kuloza ku Jenda ndi Mzuzu, foni yanu imasiya nsanja za kwathu n'kugwila za TNM kapena Airtel ya ku Malawi, malinga ngati roaming, imene imalola SIM yanu kugwila nchito kunja kwa dziko, ndi yotsegula. Kuyambila pamenepo, foni iliyonse imene mutuma imadzela m'manja mwa kampani ya eni dziko.

Ngati mufuna kubisa nambala pa foni imodzi cabe, yambani ndi #31#, ndiyeno lembani nambala yonse pamodzi ndi khodi ya dziko, osasiya mpata. Khodi ya Malawi ndi +265, ya Zambia ndi +260, ndipo 0 woyamba uja mumusiye. Nambala ya TNM yoyamba ndi 088 idzakhala #31#+26588 kutsatila manambala otsalawo. Ya MTN ya m'bale wanu ku Lundazi yoyamba ndi 096 idzakhala #31#+26096 ndi otsalawo. Cizindikilo ca + cimatuluka mukadina 0 kwa kanthawi, koma pa mafoni ena a mabatani mudine * kawili.

Amene afuna kuti nambala ibisike ulendo wonse asinthe m'foni mwenimwenimo. Pa iPhone pitani ku Settings, funani Phone (pa ma iPhone atsopano ili mu Apps), n'kuzima Show My Caller ID. Pa Android tsegulani potumila foni, lowani mu Settings, funani mau akuti Caller ID, n'kusankha Hide number. Foni ya SIM ziwili imafuna kuti muicitile SIM iliyonse payokha. Mukatelo, *31# patsogolo pa nambala amaonetsanso nambala yanu pa foni imodziyo, ndipo *#31# amakuuzani ngati pano ndi yobisika kapena ayi.

Apa ndiye pofunika kusamala kwambili. Kubisa sikucotsa nambala yanu pa netiweki. Nambalayo imayenda ndithu, ili ndi cizindikilo cakuti wolandila asaonetsedwe, ndipo amabisa ndi netiweki ya kumapeto. Muli kwanu, njila yake ndi yaifupi. Muli kunja, foni imatha kudzela m'makampani awili, atatu, ndipo ikangopezeka imodzi imene siinasunge cizindikiloco, nambala yanu idzaonekela poyela inu muganiza kuti yabisika. Conco musadalile zimene munayesa ku Chipata. Mukafika ku Mzuzu, pemphani munthu amene muli naye pamalo ogona aike foni yake patebulo, mumutumile ndi #31#, asayankhe, inu muone ndi maso zimene zatuluka. Pakalembedwa Private number, Unknown kapena No Caller ID, zatheka. Yesaninso pa nambala ya ku Zambia, cifukwa njila yobwelela kwathu ndi ina. Foni ikadumphila pa netiweki ina, yesaninso.

Meseji ya SMS imapita ndi nambala yanu nthawi zonse. Pa WhatsApp #31# sagwila nchito, ndipo potumiza ndalama pafoni nambala imaoneka. Mukatumila a zangozi, iwo amaiona, ndipo n'zabwino cifukwa afunika kukupezani. Makampani amasunga kaundula wa foni zonse, motelo wobisa nambala kuti aopseze kapena kubela anzake angapezeke apolisi akafufuza. Mtengo wa roaming sutsika cifukwa cobisa. Talktime idzadyeka cimodzimodzi.

Musabise paliponse. Anthu ambili, ku Malawi ngati kwathu, sayankha foni yopanda nambala poopa akuba a pafoni. Woyendetsa takisi amene adzakutengani ku Katoto, kapena wamalonda wa mu msika wa Taifa amene wakusungilani zitenje, afunika kukubwezelani foni, ndipo sangathe ngati simunamuonetse nambala. Kubisa kuli ndi phindu pofunsa mitengo kwa munthu amene simumudziwa, kapena poyankha cilengezo ca nyumba ya lendi.

Ngati mukhalitsa ndipo simufuna kuti nambala ya kwanu ifale, gulani SIM ya ku Malawi kwa wogulitsa wovomelezeka, mulembetse ndi pasipoti yanu, muzitumila imeneyo.