Momwe mungasokere quilt ya maluwa ndi zidutswa za zitenje

Alendo akalowa pabalaza kwathu ku Chilenje mu Lusaka, maso awo amathamangira pakhoma, pa nsalu ya maluwa ofiira ndi mpendadzuwa imene ndinapachika pamwamba pa mpando waukulu. Ambiri amayesa ndinaigula pa msika wa Lamlungu ku Arcades kapena ku Kabwata Cultural Village. Ndinasoka ndekha, pa makina a Butterfly opalasa ndi mapazi amene mayi anga anandisiyira, ndipo theka la nsalu zake ndi zidutswa zimene atelala akanasesera kudzala. Azimayi anzanga a kutchalitchi akhala akundikakamiza kuti ndilembe kasokedwe kake, ndiye nayi nkhani yonse.

Quilt ndi nsalu zitatu zosanjikiza: pamwamba ya zigamba zolumikiza, pakati chinthu chofewa, kumbuyo nsalu imodzi yosadula. Zitatuzi mumazisokera pamodzi. Imene ndikufotokoza pano si yofunda, ndi yokongoletsera khoma, masentimita 60 m'lifupi ndi 80 m'litali. Musayambe ndi yaikulu ngati bedi, mudzatopa musanafike pa maluwa.

Kupeza nsalu

Yambani ndi telala wa m'dera lanu. Mupite ndi thumba lanu, mupereke moni bwino, mupemphe zidutswa za zitenje za thonje. Nthawi yabwino ndi pamene maukwati ndi ma kitchen party achuluka, chifukwa pansi pa makina pamakhala mulu. Kale ankangopatsa ulere, koma masiku ano ena azindikira kuti anthu akupangira zikwama ndi zopondera pakhomo, ndiye amagulitsa pa pulasitiki. Palibe cholakwika, nawonso akufuna ya ndiwo. Koma pulasitiki yomangamanga kale musailipire musanakhuthule. Ine ndinagulapo ina pamwamba zitenje zokongola, pansi lining yekhayekha woterera amene sagwira ntchito iliyonse pa quilt.

Zogula m'sitolo ndi zochepa. Ku Kamwala mupeza nsalu yoyera kapena ya kirimu ya thonje, mita imodzi yakwana, ndi chitenje chimodzi cha mamita awiri cha kumbuyo ndi mpendero. Mugulenso vilene, kansalu kolimbitsira nsalu, wopyapyala womata ndi simbi, theka la mita, ndi ulusi wopetera wofiira, wachikasu, wobiriwira ndi wakhofi. Muyende masitolo atatu musanatulutse ndalama, chitenje chomwecho mtengo umasiyana khomo ndi khomo, ndipo poyeza mita muziyang'ana manja a woyezayo. Ena amakoka nsalu kuti italike, mukafika kunyumba yaperewera chikhatho chathunthu.

Zitenje zambiri zotsika mtengo zimene zadzaza m'tauni ndi polyester, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi wax wa thonje. Dulani kachidutswa, mukayatse ndi machesi panja. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala, ndipo limasiya phulusa lofewa. Polyester imasungunuka, imanunkha pulasitiki, n'kusiya kampira kolimba kakuda. Ya polyester ikani padera: imaterera pansi pa singano ndipo simbi ikatentha imakhwinyata.

Chofewa cha pakati sindigula chatsopano. Ku salaula ku msika wa Soweto ndimasankha shiti ya flannel kapena kabulangete kopyapyala ka mwana. Chochindikala kwambiri makina opalasa sachikoka bwino.

Kuchapa musanadule

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinagwa.

Quilt yanga yoyamba inali mphatso ya kitchen party ya mwana wa asisi anga. Ndinasoka masabata atatu, usiku uliwonse ana akagona, masiku ena ndi tochi ya foni magetsi atazima. Maluwa ake ndinadula pa chitenje chofiira kwambiri chimene wogulitsa ananditsimikizira kuti sichisuluka. Zidutswa za kwa telala ndinachapa chifukwa zinali ndi fumbi, koma chofiiracho chinali chatsopano, chonyezimira, ndiye ndinati chichapidwirenji. Nditamaliza, panali zizindikiro za choko ndi litsiro la manja pa nsalu yoyera. Kutatsala masiku anayi, ndinainyika m'beseni madzulo kuti nditsukuluze nthawi yomweyo. Madzi pampopi n'kuphwa. Inagona m'madzi asopo usiku wonse.

Kutacha ndinapeza madzi ali ngati juwisi. Duwa lililonse linali litatuluka m'malire ake, kufiira kutayenderera pa nsalu yoyera ngati chilonda, ndipo pamene nsalu inapindana, duwa linadinda chithunzi chake mbali inayo. Ndinachita mantha, ndinafinya n'kuyanika padzuwa, poganiza kuti ikauma ziwalako. Kumeneko kunali kulakwitsa kwachiwiri, chifukwa utoto ukaumira pa nsalu umavuta kwambiri kuchoka. Ndinaimbira asisi ndikulira.

"Asisi, bwerani mudzaone zimene zandichitikira."

Anabwera, anaigwira, anaitembenuza, kenako anandifunsa modekha kuti, "Kodi chofiirachi unayamba wachichapa chokha?" Ndinalibe poyankha. Ku phwandoko ndinapita ndi mapoto ogula mothamanga, ndipo quilt ija ili m'sutikesi mpaka lero. Sindimaitaya, komanso sindimakonda kuiona.

Ndiye chitani izi, ndipo musadumphe ngakhale kachidutswa kachepe ngati bokosi la machesi. Patulani nsalu potengera mtundu: zofiira pazokha, zabuluu wakuda pazokha, zobiriwira pazokha, zoyera kutali. Gulu lililonse linyikeni m'madzi otentha ndi sopo pang'ono, mu beseni loyera mkati kuti muziona mtundu wa madzi. Pakapita mphindi 30 tayani madziwo, thirani ena. Bwerezani mpaka madzi atuluke oyera. Zitenje zina kawiri kokha zatheka, zina kasanu. Kenako tengani kansalu koyera konyowa, mukhule nako mwamphamvu pa nsalu iliyonse. Kakatenga mtundu ngakhale pang'ono, nsaluyo ibwerere m'beseni. Ikakana kusiya, isalowe mu quilt yanu, kaya ndi yokongola bwanji. Ndili ndi chitenje china cha maroon chimene ndinachigonja, pano ndimamangira m'chiuno pophika.

Anthu adzakuuzani kuti muthire mchere kapena viniga, utoto ugwira. Ndinayesa zonse ziwiri pa chofiira chija ndipo chinapitirizabe kutaya. Chimene chimatuluka ndi utoto wotsalira umene sunalowe mu ulusi, ndipo mankhwala ake ndi kuutsuka mpaka uthe. Ngozi ikakugwerani quilt itatha kale, musaiyanike. Isamutsireni m'bafa lalikulu la madzi ambiri otentha ndi sopo wotsukira mbale, yonse imire, muzisintha madzi akangofiira. Jik musamuyandikize, adya maluwa omwe.

Kuchapa kuli ndi phindu linanso. Thonje limafupika likakumana ndi madzi koyamba, ndipo nsalu zosiyana zimafupika mosiyana. Mukalumikiza yochapa ndi yosachapa, tsiku lochapa quilt ina ikoka inzake, misoko n'kukwinyika. Komanso sitachi imene amapaka kuti chitenje chioneke cholemera imachoka, mumaona nsalu yeniyeni imene mwagula. Zikauma, sitani zonse.

Kulumikiza maziko

Dulani katoni ya masentimita 12 mbali zonse zinayi, ikhale muyezo wanu. Mufunika zigamba 48, mizere 8 ya zigamba 6. Msoko uliwonse udye sentimita imodzi, ndiye chigamba chilichonse chitsala masentimita 10. Maziko asakhale aphokoso. Ine ndimaika zoyera ndi za kirimu kumtunda, zobiriwira ndi zakhofi kumunsi ngati nthaka, ndipo zitenje zolemba zazikuluzikulu ndimazisungira maluwa. Zina ndimazitembenuza, kumbuyo kwake kumakhala kofatsa bwino.

Yalani zonse pansi pa mphasa, mujambule ndi foni. Pa chithunzi chaching'ono chigamba chosagwirizana ndi zinzake chimaonekera msanga kuposa mukamayang'ana ndi maso. Sokani mzere ndi mzere. Misoko ya mzere woyamba isitireni kumanja, ya wachiwiri kumanzere, motero mpaka pansi, kuti polumikiza mizere ngodya zilumane popanda chotupa. Mamatire tepi pa makina sentimita imodzi kuchokera pa singano, nsalu izitsata tepiyo.

Maluwa

Musakope maluwa a m'buku pamene enieni ali panja. Mu Okutobala ndi Novembala mitengo ya flamboyant ikafiira m'misewu ya Lusaka, tolani duwa limodzi mulione bwino. Lili ndi timasamba tisanu tooneka ngati sipuni, topyapyala kutsinde, totambalala kunsonga, ndipo kamodzi kamasiyana ndi tinzake, kali ndi mawanga oyera ndi achikasu. Kamodzi kameneka ndi kamene kamapatsa duwa moyo pa nsalu, ndiye kafunireni chidutswa chakechake. Mpendadzuwa ndimaujambula kuchokera m'mutu, poti ndinakulira nawo m'minda ya kwathu ku Katete: bwalo lakhofi pakati, timasamba tachikasu tosongoka kuzungulira, tosafanana kutalika.

Jambulani pa katoni, dulani. Matani vilene kumbuyo kwa chidutswa musanadule kasamba, kuti m'mphepete musamasosoke ulusi. Sunthani katoni pa chitenje mpaka mupeze pamene mtundu ukuchoka kofiirira kupita kowala, mudule pamenepo, ngakhale zitanthauze kuboola pakati pa nsalu. Timasamba ta duwa limodzi tichokere pa zitenje ziwiri kapena zitatu. Maluwa akhale atatu kapena asanu, lalikulu lisakhale pakatikati penipeni, ndipo limodzi lipendame ngati lawombedwa ndi mphepo. Tsinde ndi masamba zimayamba kugona, maluwa pamwamba. Gwirizitsani ndi mapini, kapena kadontho ka guluu wa ana a sukulu uja wa stick, amene amachoka pochapa. Guluu wa nsapato ayi.

Makina opalasa alibe zigzag, ndiye ndimazungulira kasamba kalikonse ndi msoko wowongoka kawiri, pafupi ndi m'mphepete, pang'onopang'ono, dzanja lili pa gudumu pokhota.

Kupeta

Gawo ili ndi limene ndimalikonda, ndipo silifuna magetsi. Ulusi wopetera umabwera ndi timaulusi 6 topota pamodzi. Patulani titatu pa ntchito zambiri, ndipo musadule wotalika kuposa kuchokera chala mpaka chigongono, umapotana. Chenjerani ndi ulusi wosalemba dzina wogulitsidwa m'mitolo, nawonso wofiira umataya utoto. Unyowetseni, muukulunge m'kansalu koyera kaye.

M'mphepete mwa timasamba ndimadutsa ndi blanket stitch, msoko uja umaoneka ngati mano a chipeso m'mphepete mwa mabulangete akale. Umabisa podulidwa ndipo umakweza duwa. Mitsempha ya masamba ndi timaulusi tatitali totuluka pakati pa duwa la flamboyant ndimapeta ndi stem stitch, msoko wotsatana wooneka ngati kachingwe kopota. Pakati pa mpendadzuwa ndimadzazapo French knot, timfundo tating'ono: tulutsani singano, kulungani ulusi kawiri pa singanoyo, ibwezereni pambali pang'ono pa pamene inatulukira, dzanja lina likukoka ulusi. Mukabwezera pa bowo lomwelo mfundo imathawira kumbuyo. Sakanizani wakhofi, wakuda ndi wachikasu, muthinanitse mpaka pakhale ngati njere zenizeni. Duwa limodzi limandidyera madzulo awiri, ndipo aliyense wofika pafupi chala chake chimapita pomwepo.

Kusanjikiza ndi kumaliza

Nsalu ya kumbuyo ndi flannel zikhale masentimita 70 ndi 90, zotsala mudzadula pomaliza. Yalani ya kumbuyo chafufumimba patebulo, flannel pakati, ya maluwa pamwamba. Gwirizitsani ndi misoko italiitali ya pamanja kuchokera pakati kupita kunja, motalikirana chikhatho chimodzi. Kenako sokani zitatu zonse pamodzi, kuyambiranso pakati, kuzungulira duwa lililonse, n'kumabwereza mzerewo motalikira ngati mafunde a madzi. Talikitsani msoko wa makina pang'ono, singano ikhale ya nambala 14. Sololani ulusi wogwirizira uja, dulani m'mbali molunjika.

Mpendero: mizere ya chitenje ya masentimita 6 m'lifupi, yolumikiza mpaka ipitirire mamita atatu, yopinda pakati. Sokerani kutsogolo ndi makina, pindirani kumbuyo, malizani pamanja. Kumbuyo chakumtunda sokeraniko kathumba kopingasa kolowetsamo kansungwi, mukhome misomali iwiri. Khoma lake lisakhale loyang'anana ndi zenera la dzuwa la masana, zitenje zimasuluka msanga. Yanga ndimaitsitsa kawiri pachaka kuikung'untha fumbi, makamaka mphepo ya Ogasiti ikadutsa.