Mafunso okometsa macheza anthu akasonkhana

Mukamakonza mafunso oti anthu apikisane pamacheza, pewani ofuna kuloweza zaka. Funso loti nkhondo yakutiyakuti inayamba liti limangokomera munthu mmodzi, ena onse n'kungoti zii. Funso labwino ndi lomwe aliyense akuganiza kuti yankho akulidziwa.

Funsani likulu la dziko la Australia. Ambiri adzathamangira kunena Sydney, pomwe ndi Canberra. Kapena funsani kuti kadyansonga ali ndi mafupa angati m'khosi mwake. Wina adzati 20, wina 30, chonsecho ndi 7 okha, chimodzimodzi munthu, kungoti fupa lililonse ndi lalitali zedi. Limeneli ndimalikonda kwambiri chifukwa ngakhale ana amalingalira nawo. Lina nali: munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, nanga khanda? Lili ndi ambiri kuposa pamenepo, chifukwa ena amalumikizana likamakula.

Musafulumire kuulula yankho. Aliyense ayambe wanena lake, makamaka anthu ofatsa aja amene sakonda kulimbirana mawu. Ndipo mayankho anu muwatsimikiziretu musanafike pamalopo, chifukwa sipalephera wina wotulutsa foni kuti aone ngati mwanena zoona.